Voti Yogulitsa Holo ya Tauni

Kutangoda, khansala anabwerera kuholo ya tauni kukatenga magalasi amene anaiwala povota kuti nyumbayo igulitsidwe.

"Chinyumba chonunkha nsomba ichi," anauza mkazi wake pafoni, akukankha chitseko. "Ati chili ndi mbiri. Mbiri yake iti, yogonekamo mitembo ya asodzi omira m'nyanja? Achigwetse basi, pabwere hotela."

Nsapato zake zinaponda madzi, chonsecho mvula inali isanagwe. Mafunde, amene amamveka m'holomo usana ndi usiku, anali zii.

Mipando imene anaisiya itasanjikizidwa pakona inali itayalidwanso m'mizere, yonse ikudontha.

Kumzere wakumbuyo, munthu wina anakweza dzanja lotupa, loyezuka.

"Mwatha kulankhula, bambo khansala? Ifetu sitinavote."