Msonkhano Woimirira

Lolemba m'mawa Andireya Tembo anaima pakati pa ofesi monga mwa masiku onse. Msonkhano woimirirawu anauyambitsa yekha: aliyense anene zimene anachita dzulo, zimene achite lero, ndi chimene chikumutchinga.

Anayamba ndi Mainess, wa pampando wokolekedwa juzi lofiira. Sanayankhe. Israel, zii. Ngakhale Mwiza, amene kale pakamwa sankatseka, zii.

Andireya sanadabwe. Atatuwa anawasankha yekha pamene kampani yawo yogula mtedza mu Chipata inatopa ndi kugula mapulogalamu a kompyuta ku Lusaka. Mwiza anachita kukamutenga ku Nabvutika, pakabenchi kokonzera mafoni. Ankawadziwa akanyanyala, ndipo chimene chinawanyanyalitsa ankachidziwanso: ulendo wokaona alimi ku Madzimoyo. Iwo anapempha kuti apite mmodzi, ena atsale akulemba. Iye anakana. Anati wolembera mlimi pulogalamu aone kaye mmene zala za mlimiyo zimavutikira pa foni. Anawakweza onse galimoto imodzi, iye n'kutsala.

Kuchokera tsiku limenelo palibe anamulankhulapo.

Chitseko chinatseguka. Anali Mayi Dolika Banda, mkulu wa kampaniyo. Anaima kaye pakhomo. Anafotokoza motsitsa mawu kuti msika wa mtedza wayandikira, alimi akulephera kulembetsa pa foni, ndiye akuluakulu apeza anthu atatu atsopano. Akufunika malo okhala.

Andireya anawapempha kuti nkhani yotere asaikambire pamaso pa anthu ake. Anati pulogalamuyo oidziwa ndi amene anaimanga, mlendo angoisokoneza. Mkwiyo umatha. Munthu suchotsa ntchito chifukwa wakhala chete.

"Amayi, ndipatseniko kanthawi. Ndilankhula nawo."

Mayi Banda analowa pang'onopang'ono. Anadutsitsa chala pa kompyuta ya Mwiza, chala n'kusiya mzere pafumbi. Kenaka anatenga juzi lofiira lija, nayamba kulipinda bwinobwino.

"A Tembo, juzi ili amayi ake a Mainess atumiza mawu kambirimbiri kulipempha," anatero. "Galimoto ija sinafike ku Madzimoyo. Chiwaikireni m'manda atatuwa, mvula yagwa mpaka yaleka. Nkhata munaika ndinu."

Andireya anagwedeza mutu mwaulemu. Ndiye anatembenukira ku mpando wachiwiri.

"Israel, lero chikukutchinga n'chiyani?"