Utsi wa Maliro a Ndaziona

Chibwerereni lamulo la utsi, khomo lililonse pamudzi pathu lili ndi gawo lake la pachaka. Ukakwera minibasi ya kutauni, makina a pachitseko amayeza utsi wa ulendowo n'kuchotsa pakhadi lako.

Nangozo anamaliza gawo lake pokazonda mwana wake Ndaziona kuchipatala ku Lilongwe. Tsiku limene Ndaziona anamwalira, pakhadipo panalibe kanthu.

Tinapita kusiwa ndi ufa, nkhuni ndi makhadi athu, aliyense n'kupereka kautsi kamene kanamutsalira. Koma galimoto yokatenga maliro ku Lilongwe imadya gawo la makomo ambiri.

"Mlongo, utsi sunakwane," anatero a Chikhadwe, alongo ake a Nangozo. "Amuika konko."

"Achimwene, ndikanadziwa ndikanangopitako kamodzi," anayankha Nangozo. "Koma mwanayo ankadya akandiona ine."

M'mawa adzukulu anadula thunthu la nthochi kuti tiike m'manda m'malo mwa thupi la mwanayo. Nangozo analikulunga yekha m'chitenje cha Ndaziona.

Tikuwoloka msewu ndi bokosi, minibasi inaima kupereka ulemu kwa maliro. Inkachokera ku Lilongwe, mipando yonse ilibe munthu.