Masamba a M'magalasi

Mu 2008, ophunzira ena a ku yunivesite anatibwereka ife akabaza a pa Njuli magalasi oyeserera. Ukawavala, pamsewu pankaoneka mivi yolozera njira ndi timauthenga tosiya anzako: "Samala, dzenje apa." "Galu wa pano saseka."

Tinkawakonda zedi. Mnzathu wina, a Lajabu, ankalembamo nthabwala zokhazokha mpaka sabata yomwe tinaika maliro awo m'manda.

Tsiku lina mdima utangogwa, ndinkachokera ku Likoswe ndekha, ndikuimba mluzu. M'magalasimo munaoneka masamba atayalidwa modutsa msewu, monga timachitira pakagwa maliro. Ndinatsika njinga, nanga munthu n'kupalasa pamaliro? Nditavula magalasi, pamsewu panalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Nditavalanso, panali uthenga, dzina la a Lajabu lili m'munsi.

"Wachita bwino kutsika, Aubrey. Ulemu ukadali nawo."

Ndinaseka, poganiza kuti mnzathu wina watola magalasi a malemuwo. Ndinayamba kukankha njinga. Inalemera ngati ndanyamula thumba la chimanga, mpando wakumbuyo ukulira.

Uthenga wina unabwera.

"Kwera tizipita. Lero wopalasa ndiwe."