Chitsekerero cha Yobu

Ana a Sitandade 5 anali atagwada pasimenti, aliyense atafumbata chitsekerero cha botolo. Aphunzitsi awo, a Alick Mwale, anali atajambula mizere pansi ndi choko. Phunziro linali la galafu: ukandandalika zitsekerero, mzere wautali umadziulula wokha.

Pakona ya kuzenera panalibe munthu. Ndi pomwe ankakhala Yobu, amene anakokoloka ndi madzi mwezi watha akuwoloka mtsinje kupita kuganyu yosoka fodya. Anzake ankapalambalala pamalopo. A Mwale nawo maso awo ankangobwerera komweko, ndipo nthawi zina akamalemba pabolodi ankamva ngati wina watsokomola pakonapo.

Makolo a Yobu sanatchule mwini munda. Pamaliro anangoti, "Amapita kuganyu." Koma a Mwale sankakayika. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli esiteti yaikulu, zigafa zake zimaoneka ngakhale uli pabwalo la sukulu. Masana a tsikulo komiti ya sukulu inali yoti ikumane, ndipo iwo ankafuna kukaionetsa galafu yoti mwini esitetiyo asaikane.

Mzere uliwonse anaupatsa dzina: kudwala, maliro, munda wa kwathu, kuesiteti.

"Aliyense amene anajomba mwezi watha aike chitsekerero chake pamene anali," anatero. "Musaope, sindimenya munthu."

Zingapo zinagwera pa kudwala, zina pa maliro. Mzere wa kuesiteti unangokhala mbee. Ana ambiri anali chigwadire, zitsekerero zili m'manja.

"Mukuopa akapitawo?" Anatola chitsekerero china patebulo n'kupatsa mtsikana wa kutsogolo. "Elube, iwe unkayenda ndi Yobu. Muikire chake."

Elube anayenda pang'onopang'ono akuwerenga mzere uliwonse, mpaka anakaima pamene choko chinathera.

"Aphunzitsi, mzere wake palibe."

"Wa kuesitetiwo sukuuona?"

"Kuesiteti ana amatibweza pageti," anayankha Elube akuyang'ana pansi. "Ife timasoka kuchigafa chanu, kwa alamu anu amene amakulimirani fodya aja. Anati inu mukudziwa."

Anaika cha Yobu pasimenti popanda choko. Anzake anatsatira mmodzimmodzi, mzere n'kumatalika, mpaka unakagunda nsapato za a Mwale.