Apongozi Akonza Matabwa

"Ndani wachita zimenezi?" anakuwa Laston ali pakhomo, chitini cha vanishi chili m'manja.

Masabata atatu anakhala akukwawa m'nyumba yakale imene ankaikonza ku Lufita, akupala matabwa apansi mpaka mizere ya mlombwa inaonekera. Anangochokapo kukagula vanishi ku Karonga, pobwera anapeza pansi ponse pali psuu ndi polishi wofiira.

Apongozi ake, a Nyakaonga, anatulukira akumwetulira, manja ali ofiira.

"Ndine, atata. Zinandimvetsa chisoni, mwana wanga kumaponda matabwa ngati mbuzi m'khola. Taonani tsopano, alendo aziyesa simenti yeniyeni!"

Laston anayang'ana mkazi wake Salome. Salome anayang'ana kudenga.

Mkamwiniyo anangonjuta.

"Yewo chomene, amama."

"Musathokozeretu, atata. Polishi watsalako, mawa ndipaka zitseko."