Phulusa la Mayi Herminia

Panali munthu wina wachikulire wa kumapiri a ku Jujuy, a Eusebio Quipildor. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona.

Akazi awo, mayi Herminia, anakhala zaka makumi anayi akuyang'ana chithunzi cha mzinda waukulu wa Buenos Aires pa kalendala ya m'khitchini. Chaka chilichonse a Eusebio ankati, "Tikakolola tipita." Mayiwo anamwalira asanapite. Mtembo unatenthedwa monga anapempha eni ake, ndipo anasiya mawu: "Mukandionetse mzindawo, kenako mukandimwaze mumtsinje waukulu wa kumeneko."

A Eusebio anaika kabokosi ka phulusa m'chikwama chakumsana, nakwera basi ya ku Buenos Aires. Mwana wawo Nélida, namwino wa mumzindamo, anawachingamira.

"Bambo, chikwamachi muvalire kutsogolo. Osachitula, ngakhale akupempheni ndi mngelo."

"Ndiziyenda ndi amayi ako pamimba ngati ndili ndi pakati?"

"Eya. Kuno wokuthandizani ndi amene muzimuopa."

Anamvera. Anakaona chipilala chotchuka cha Obelisco, anakaona nyumba zamawangamawanga za ku Caminito. Paliponse ankasisita chikwama n'kunong'ona, "Mwaona, amake Nélida? Pakalendala paja chinali chachitali kuposa apa."

Masana anafika pabwalo la Plaza de Mayo. Kunangotsala kumtsinje. Nélida anawakhazika pabenchi, n'kuwoloka msewu kukagula chakudya.

Mwadzidzidzi chinthu chonyowa chinawagwera paphewa.

"Mayo, agogo! Nkhunda zakudalitsani," anatero mayi wina waimvi, wovala bwino, timapepala topukutira tili m'manja. "Vulani chikwamacho ndikupukuteni."

"Ayi, mayi. Ichi sindivula."

"Musavule, mwachita bwino. Mzinda uno ndi wa afisi."

Anawapukuta jekete lonse mosamala, mpaka kuwakonzera kolala, monga ankachitira mayi Herminia Lamlungu m'mawa.

Manyazi anawagwira a Eusebio. Munthu wawachitira chifundo, iwo amuyesa mbala. Kwawo wokuthandiza sachoka usanamuthirire mate, tiyi wowawa uja womwera chikho chimodzi. Fulasiki inali m'khwapa, chikho m'dzanja. Koma kuthira mate kumafuna manja awiri, ndipo chikwama chinkawatchinga. Anachivula, nachiika pabenchi pambali pawo.

"Imwani, mlongo wanga."

Mayiyo anamwa mosafulumira, akuwayang'ana m'maso. "Dzanja lanu ndi labwino. Amayi kunyumba ali ndi mwayi."

"Ali pompano," anatero a Eusebio, natembenuka kuti amuonetse.

Pabenchi panalibe kanthu.

"Wakuba wathawira uko!" anakuwa mayiyo akuloza m'khamu la anthu. A Eusebio anayang'ana, osaona aliyense wothamanga. Pocheuka, nayenso mayi uja kunalibe. Chikho anachisiya pabenchi bwinobwino.

Nélida atabwerako ananunkhiza jekete. "Si zitosi izi, bambo. Ndi msuzi wa m'botolo." Sanawakalipire. Anangokhala pansi.

Kupolisi anawafunsa, "Munali foni? Chiphaso?"

"Munali akazi anga."

Wapolisiyo anaika cholembera patebulo. "Akuba chimene sangagulitse amataya, agogo. Kayang'aneni m'mabini galimoto ya zinyalala isanadutse."

Anafufuza masiku atatu, bambo ndi mwana. Sanapeze chikwama, sanapeze kabokosi. Tsiku lobwerera ku Jujuy linafika, basi inanyamuka popanda iwo. Mpaka lero, Nélida akapita kuntchito, a Eusebio amayenda msewu ndi msewu akuvundukula mabini. Mate anasiya kumwa.

Tsiku lina Nélida anagula maluwa oyera. "Bambo, tiyeni kumtsinje tikaponye awa. Amayi amva."

A Eusebio anawayang'ana maluwawo nthawi yaitali.

"Ndinawachedwetsa zaka makumi anayi, mwanawe. Ndiye ndikafikeko ine, iwo asanafike?"

Anavala chipewa, natuluka kupita ku mabini.

Phunziro: Mbala yochenjera siikukakamiza, imayamba yakuyamikira kuti ndiwe wochenjera. Kumalo achilendo, chimene sungachipezenso usachitule, ngakhale uoneke wopanda ulemu. Ndipo amene unamulonjeza ulendo, pita naye akadali ndi maso. Tumizirani ena, makamaka amene makolo awo akukonzekera ulendo wa mumzinda.