Timphutsi ta Pakasupe

Vera anali atangotembenuza mwala mumtsinje pamene Norman, chibwenzi chake, anayankhula ali pamtunda.

"Andipatsa job ija ku Aberdeen. Tipite tonse, Vera."

Madzi otumphuka pansi pa thanthwe la laimu ankamuzizira m'mawondo ngakhale anavala jombo zazitali. Kunsi kwa mwalawo kunali timphutsi tokhala m'tinyumba tamchenga, ndipo tizilombo totuwa tinkasambira chammbali ngati tili m'tulo. Chiyambireni research yake ku Birmingham, ankabwera kuno mwezi ndi mwezi kudzationa, ndipo ntchitoyo inali isanathe.

"Wandimva koma?"

Anamumva, koma mawuwo ankafika ngati ayamba adutsa m'mapanga momwe madziwo amayenda mumdima. Kamphutsi kena kanasuzumira, n'kuyamba kukwawa pachala chake, kakukoka nyumba yake pang'onopang'ono. Vera anakayang'anitsitsa mpaka dzanja linachita dzanzi. Kenako anamiza chalacho m'madzi kuti katsike kokha.

"Kukayamba kutentha, timeneti timamera mapiko," anatero osacheuka. "Ine ndidzakhala ndili pano, Norman."